MPENI UMODZI, MIYOYO IWIRI

Pachichewa mayi woyembekezera amatchedwa wapakati. Akuluakulu ambiri amamasulira dzinali ponena kuti mayi wotere waima pakati pa moyo ndi imfa, pakuti palibe amene amadziwa za mawa lake kufikira tsiku limene adzamveke kuti wachira. Kuyambira kalekale chiberekero chidali nyumba yotseka. Mzamba ankangosisita pamimba ndi kutchera khutu, ndipo ngati mwana adali ndi vuto, linkadziwika tsiku lobadwa. Masiku ano makina ounikira m'mimba, amene ambiri amangoti sikani, amaonetsa msana, mtima ndi impso za mwana pakati pasanakwane miyezi isanu. Kuwonjezera apo, m'zipatala zina zikuluzikulu za ku America, ku Ulaya ndi kwina, madokotala amatha kutsegula chiberekero, kukonza chiwalo cha mwana wosabadwa, kenaka n'kutsekanso kuti mwanayo apitirize kukula.

Luso lotereli ndi lozizwitsa, koma labweretsa funso lovuta. Pa maopaleshoni ena ambiri, amene wachekedwa ndi amenenso amayembekezeka kuchira. Pano mpeni umayamba wapyoza thupi la munthu wangwiro kuti ukafike kwa wodwala. Tsono kodi n'koyenera kuvulaza mayi wopanda nthenda pofuna kuthandiza mwana amene ali m'mimba mwake? Ngati n'koyenera, ndani ali ndi mphamvu zovomera kapena kukana?

Mbiri ya chithandizochi idayambira mumzinda wa Auckland ku New Zealand. M'chaka cha 1963 dokotala William Liley adapulumutsa mwana wosabadwa amene magazi ake ankawonongeka chifukwa chosagwirizana ndi a mayi wake. Iye adalowetsa singano kudzera pamimba pa mayiyo ndi kuthira magazi atsopano m'thupi la mwana. Kuyambira nthawi imeneyo madokotala adayamba kuona mwana wosabadwa ngati wodwala woti angathe kuthandizidwa. Patapita zaka, dokotala Michael Harrison ndi anzake a pa yunivesite ya California mumzinda wa San Francisco adaphunzira kutsegula ndi kusoka chiberekero poyesera pa nkhosa ndi anyani. M'chaka cha 1981 adayamba kuchita maopaleshoni pa ana osabadwa amene njira yawo ya mkodzo idatsekeka, vuto limene limawononga impso ndi mapapo mwana asanaone dzuwa.

Nthenda imene ikuonetsa bwino kulemera kwa funsoli ndi yotchedwa spina bifida. M'masiku 28 oyamba mayi atatenga pathupi, kachiwalo kamene pambuyo pake kamasanduka ubongo ndi mtsempha waukulu wa m'msana kamakhala kotambasuka ngati tsamba, kenaka kamapindika n'kutsekeka ngati bango. Kakapanda kutsekeka chakumunsi, mwana amabadwa ndi mpata pamsana, nthawi zambiri pali chotupa chokhala ndi mitsempha yopanda chophimba. Zotsatira zake ndi kufooka kapena kufa kwa miyendo ndiponso kulephera kusunga mkodzo ndi chimbudzi. Ambiri mwa ana otere madzi amachulukanso m'mutu mwawo, chifukwa mbali yakumbuyo ya ubongo imatsikira kukhosi ndi kutseka njira ya madziwo. Chithandizo chozolowereka ndi kusoka mpatawo m'masiku awiri kapena atatu mwana atabadwa, ndi kuika kachubu kotsitsa madzi kuchokera m'mutu kupita m'mimba. Kachubuko kamatha kutsekeka kapena kulowetsa tizilombo, motero ana ambiri amabwerera ku opaleshoni kangapo pa moyo wawo.

Nanga bwanji osangodikira kuti mwana abadwe? Kafukufuku wochitidwa pa nkhosa m'zaka za m'ma 1990 adaonetsa kuti mitsempha yosaphimbikayo imanka niwonongekerabe pamene miyezi ikupita, poviikidwa m'madzi a m'chiberekero ndi pokhudzana ndi khoma lake. Choncho kudikira kuli ndi mtengo wake. Madokotala a pa yunivesite ya Vanderbilt mumzinda wa Nashville ndi a pa chipatala cha ana cha ku Philadelphia adayamba kusoka misana ya ana osabadwa chakumapeto kwa zaka zomwezo. Opaleshoniyi imachitika pakati pasanakwane masabata 26, mwana asanalemere ndi kilogalamu imodzi yomwe. Mayi amagonetsedwa tulo, amachekedwa pamimba, ndipo chiberekero chimabooledwa patali ndi nsengwa. Mwana satulutsidwa kunja. Amangotembenuzidwa kuti msana wake uyang'ane pachibowopo. Akamaliza kusoka msanawo amabwezeramo madzi ofunda, amasoka chiberekero, n'kumupatsa mayi mankhwala oletsa kuti matenda asayambe nthawi isanakwane.

Kuti adziwe ngati njirayi iposadi yakale, madokotala a ku America adachita kafukufuku wodziwika ndi dzina lakuti MOMS kuyambira mu 2003 mpaka mu 2010, m'zipatala zitatu za ku Philadelphia, Nashville ndi San Francisco. Amayi 183 adavomera kugawidwa mwamaere: ena ana awo adasokedwa ali m'mimba, ena atabadwa. Zotsatira zake zidafalitsidwa mu 2011. Mwa ana 100 alionse osokedwa atabadwa, 82 adaikidwa kachubu ka m'mutu chaka chisanathe, pamene mwa osokedwa ali m'mimba adali 40 okha. Pofika zaka ziwiri ndi theka, ana 42 mwa 100 alionse osokedwa ali m'mimba ankayenda okha popanda chowathandiza, poyerekeza ndi 21 a gulu linalo. Phindu lidaoneka poyera kotero kuti kafukufukuyu adaimitsidwa asanafike kumapeto.

Komatu walira mvula walira matope. Ana osokedwa ali m'mimba ankabadwa pa masabata pafupifupi 34 m'malo mwa 37, ndipo 13 mwa 100 alionse adabadwa masabata 30 asanakwane, msinkhu umene mapapo amakhala asanakhwime. Pafupifupi theka la amayi ochitidwa opaleshoni nsupa yawo idasweka nthawi isanafike. Pa tsiku lochira, mayi mmodzi mwa atatu alionse adapezeka kuti chipsera cha pachiberekero chapyapyala kapena chayamba kutseguka. Palibe mayi amene adamwalira m'kafukufukuyu, koma aliyense wa iwo adauzidwa kuti mwana ameneyo ndi ena onse obwera m'tsogolo adzabadwira kumpeni, poopa kuti chiberekero chingaphulike pa nthawi ya matenda. Iwo ankayeneranso kusiya makomo awo ndi kukhala pafupi ndi chipatala kwa miyezi ingapo. Pambuyo pake madokotala ena adayamba kugwiritsa ntchito tizipangizo tolowa pa timabowo ting'onoting'ono kuti chipsera chichepe, komabe chiopsezo cha kubadwa masiku asanakwane sichidatheretu.

Manambalawa akuonetsa kuti phindu ndi chiopsezo sizigwera munthu mmodzi. Thupi la mayi silipindulapo kanthu, limangolandira bala. Lamulo lakale la udokotala limati sing'anga asavulaze munthu amene wabwera m'manja mwake. Pali malo ena amodzi odziwika kumene lamuloli limapatukidwa, ndiko kupereka chiwalo. Kuchokera mu 1954, pamene dokotala Joseph Murray wa ku Boston adachotsa impso mwa mnyamata wangwiro n'kuiika mwa mbale wake amene adabadwa naye mapasa, anthu avomereza kuti munthu wabwinobwino angathe kuchekedwa pothandiza mnzake. Chimene chimayeretsa mchitidwewu ndi chimodzi: woperekayo wadzipereka yekha, akudziwa bwino chimene akutaya. Popanda chifuniro chake, kuchotsa impsoyo ndi kuba ndiponso chiwembu, ngakhale wodwalayo atachira.

Ena amatsutsa kufanizira kumeneku. Amati mayi si mlendo wodutsa m'njira. Iye ndiye kholo, ndipo kholo lili ndi udindo umene munthu wamba alibe. Bambo akakana kutengera mwana wake wodwala kuchipatala, anthu amamudzudzula, ndipo m'mayiko ambiri lamulo limalowererapo. Nanga mayi amene wasankha kusunga pakati pake n'kukanizanso mwana wake mwayi wodzayenda ndi miyendo yake, kusiyana kwake kuli pati? Mwanayo sangadzilankhulire, ndipo nthawi yomuthandiza ndi masabata owerengeka, ikapita siibwerera. Mfundo imeneyi ndi yolemera, ndipo siyenera kukankhidwira pambali. N'zoona kuti mayi amene wasankha kubereka ali ndi udindo woganizira ubwino wa mwana wake, monga kupewa mowa ndi fodya kapena kumwa mankhwala amene wapatsidwa kusikelo.

Komabe udindo uliwonse uli ndi malire. Kutengera mwana kuchipatala kumafuna nthawi ndi ndalama za kholo, pamene opaleshoni iyi imafuna thupi lenilenilo la kholo. Palibe lamulo limene limakakamiza bambo kupereka impso yake kwa mwana wake wobadwa kale, ngakhale mwanayo atatsala madzi amodzi. Anthu angamuyamikire akapereka, angamudandaule akakana, koma samumangirira pabedi. Tsono sipakhala chilungamo ngati mayi alandidwa ufulu umene bambo amakhala nawo, pa chifukwa chokha chakuti mwana wake akali m'mimba. Ndiponso mayi sakhala ndi mwana mmodzi yekhayo woti amuganizire. Mwina pali ana ena kunyumba ofuna kuleredwa pa miyezi imene iye adzakhale kutali, ndipo palinso ana amene akufuna kudzabereka m'tsogolo, amene adzakulire m'chiberekero chachipsera. Tiwonjezere apa kuti spina bifida nthawi zambiri siipha mwana amene walandira chithandizo chabwino atabadwa. Mayi wokana opaleshoni ya m'mimba sanasankhe imfa ya mwana wake; wasankha njira ina ya chithandizo imene ili ndi zoopsa zake ndi zabwino zake.

Makhoti adakumanapo ndi mafunso ofanana ndi amenewa. M'chaka cha 1978 m'chigawo cha Pennsylvania, Robert McFall, amene ankadwala nthenda yoopsa ya magazi, adapempha khoti kuti likakamize msuweni wake David Shimp kumupatsa mafuta a m'mafupa, poti ndiye yekha amene adapezeka wogwirizana naye. Woweruza adanena kuti kukana kwa msuweniyo n'kosayamikika, komabe adagamula kuti lamulo silingalowetse singano m'thupi la munthu mmodzi mokakamiza pofuna kupulumutsa wina. McFall adamwalira patangopita masabata ochepa. Chigamulochi ndi chowawa, koma chimasiyanitsa zinthu ziwiri zimene anthu amakonda kusakaniza: chimene chili chokoma kuchita, ndi chimene munthu angaumirizidwe kuchita.

Nkhani ina idachitika mu 1987 mumzinda wa Washington. Angela Carder adali ndi pakati pa masabata 26 pamene nthenda ya khansa idamufikitsa pafupi ndi imfa. Akuluakulu a chipatala adapita kukhoti, ndipo woweruza adalamula kuti achitidwe opaleshoni yochotsa mwana, ngakhale makolo ake ndi madokotala ena amene ankamusamalira sadagwirizane nazo. Mwanayo adakhala moyo maola pafupifupi awiri okha, ndipo mayiyo adatsatira patapita masiku awiri. Mu 1990 khoti la apilo lidafafaniza lamulo lija, n'kugamula kuti pafupifupi nthawi zonse chosankha cha mayi woyembekezera ndicho chiyenera kutsatidwa. Iyi sidali opaleshoni yokonza chiwalo cha mwana, koma phunziro lake likukhudza nkhani ino mwachindunji. Pamene madokotala ndi oweruza ayang'anitsitsa mwana wosabadwa, n'kosavuta kuiwala kuti khomo lolowera kwa iye ndi munthu wamoyo, wokhala ndi maganizo ndi mantha ake.

Kukakamiza sikuchokera kukhoti kokha. Kulinso kukakamiza kwakachetechete, kumene kumachokera kwa okondedwa. Mayi amene wangouzidwa kumene kuti mwana wake ali ndi vuto amakhala wosweka mtima, ndipo ambiri amadziimba mlandu popanda chifukwa. Amapatsidwa masiku owerengeka kuti aganize. Mwamuna wake, apongozi ndi anansi angamuuze kuti mayi weniweni sawerengera mabala. Munthu wotere akasaina chikalata, kodi wavomera kapena wangogonja? N'chifukwa chake zipatala zochita maopaleshoniwa zimapatula nthawi yakuti makolo akumane ndi akatswiri osiyanasiyana, amve zabwino ndi zoipa zomwe, asanapereke yankho. Mwamuna ali ndi mawu pa za mwana wake ndipo ayenera kumvedwa, pakuti mutu umodzi susenza denga. Koma maganizo akasiyana, mawu otsiriza ayenera kukhala a mwini thupi limene lidzachekedwe.

Mphamvu ya kukakamiza kwakachetecheteku idaoneka pa chithunzi china chotchuka. M'chaka cha 1999 wojambula Michael Clancy adajambula opaleshoni ya spina bifida ku Vanderbilt, pa mwana wa masabata 21. Chithunzicho chikuonetsa kadzanja kotuluka pachibowo cha chiberekero katakhudza chala cha dokotala. Chidafalikira dziko lonse, ndipo ambiri adati mwanayo adatambasula dzanja yekha. Dokotala Joseph Bruner, mwini chalacho, adafotokoza kuti mwanayo adali m'tulo ta mankhwala ndipo ndi iye amene adanyamula kadzanjako. Anthu adakangana kwambiri za dzanjalo, koma ndi ochepa amene adafunsa za mwini chiberekero chimene chadzaza chithunzi chonsecho. Nkhope yake siyikuoneka. Umu ndi momwe nkhani za maopaleshoniwa zimakambidwira kawirikawiri: mwana ndi dokotala amakhala eni nkhani, mayi n'kusanduka bwalo lochitikirapo zinthu.

Ufulu wosankha ulibe tanthauzo ngati wosankhayo sanauzidwe zoona, ndipo dokotala sanganene zoona zimene iye mwini sakuzidziwa. Apa ndi pamene pali udindo waukulu wa madokotala. Mbiri ya lusoli ili ndi maphunziro owawa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 madokotala ena ankaika timachubu m'mitu ya ana osabadwa amene madzi adawachulukira mu ubongo. Ganizoli linkamveka lanzeru, koma atasonkhanitsa zotsatira adapeza kuti ana ambiri sadapindule, ndipo adagwirizana zosiya. Chitsanzo china ndi cha ana amene mnofu wolekanitsa chifuwa ndi mimba umakhala ndi chibowo, kotero kuti matumbo amakwera n'kupanikiza mapapo. Mu 1989 gulu la Harrison lidakwanitsa kusoka chibowo chotere mwana ali m'mimba, koma kafukufuku wotsatira adaonetsa kuti ana osokedwa motere sankapulumuka kuposa osokedwa atabadwa. Amayi awo adasenza zipsera popanda phindu looneka. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Madokotala sadataye mtima. Adapeza njira ina yosatsegula chiberekero, yolowetsa kabaluni m'kholingo la mwana kuti madzi a m'mapapo asatuluke. Madziwo akamachuluka amafutukula mapapo kuti akule, ndipo kabaluniko kamachotsedwa mwana asanabadwe. Kafukufuku wotsogozedwa ndi dokotala Jan Deprest wa ku Leuven m'dziko la Belgium, wofalitsidwa mu 2021, adapeza kuti mwa ana amene vutoli lidali lalikulu kwambiri, 40 mwa 100 alionse adapulumuka ndi njirayi, poyerekeza ndi 15 mwa amene sadaikidwe kabaluni. Padapita zaka zoposa 30 kuchokera pa chipambano choyamba kufika pa umboni wodalirika. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kudekha kumeneku nakonso kuli ndi funso lake. Pa nthawi ya kafukufuku wa MOMS, zipatala zina za ku America zidagwirizana kuti zisachite opaleshoni ya spina bifida ya m'mimba kunja kwa kafukufukuyo. Izi zidatanthauza kuti mayi wofunitsitsa opaleshoniyo sakadaipeza kwina m'dzikomo, koma kulowa m'maere, momwe akadatha kugwera mbali iliyonse. Munthu angafunse ngati kudali chilungamo kuika tsogolo la mwana pa maere. Yankho lagona pa chimene chinkadziwika nthawi imeneyo. Palibe amene akadalumbira kuti njira yatsopano iposa yakale, ndipo zitsanzo ziwiri zija zidaonetsa kuti chiyembekezo cha madokotala chimatha kunama. Pamene njira ziwiri sizikudziwika kuti yabwino ndi iti, maere salanda munthu kanthu kotsimikizika. Chosalungama chikadakhala kupitiriza kucheka amayi kwa zaka zambiri popanda kudziwa ngati mabala awo akugula kanthu. Ndipo umboni utangooneka, kafukufukuyo adaimitsidwa kuti ena asamanidwe chimene chidadziwika kuti n'chothandiza.

Palinso mawu ochokera kwa anthu aulumali amene ayenera kumvedwa. Anthu ambiri obadwa ndi spina bifida akula, aphunzira, agwira ntchito ndi kumanga mabanja, ena akuyenda pa njinga za olumala. Ena mwa iwo amafunsa kuti: ngati anthu ali okonzeka kuika mayi ndi mwana pachiswe pofuna kupewa moyo wonga wawo, kodi moyo wawowo akuuona ngati chiyani? Funsoli likuchenjeza za chinthu chenicheni. Zina mwa zowawa za ulumali sizichokera m'thupi, koma m'masitepe a sukulu, m'zimbudzi zopapatiza ndi m'maso a anthu onyoza. Komabe kufuna kuchepetsa ululu sikufanana ndi kunyoza wovutikayo. Kholo limene lifuna kuti mwana wake asabwererebwerere ku opaleshoni ya m'mutu silikunena kuti mwana wakachubu ndi wopanda pake. Chofunika kukumbukira n'chakuti opaleshoniyi siichotsa nthendayo. Ngakhale m'gulu losokedwa ali m'mimba, ana oposa theka sankayenda okha pa zaka ziwiri ndi theka, ndipo ambiri amafunikabe chithandizo cha chikhodzodzo moyo wawo wonse. Motero makolo olowa m'chipinda cha opaleshoni ayenera kukhala atamulandira kale mwanayo monga momwe adzakhalire. Opaleshoni yochitidwa pofuna kugula mwana wopanda banga imathera m'kukhumudwa, ndipo wolipira kukhumudwako amakhala mwana.

Funso lomaliza ndi la chilungamo pakati pa olemera ndi osauka. Opaleshoni ya m'mimba imafuna gulu lalikulu la akatswiri, zipangizo zodula ndi chipinda chosamalira ana obadwa masiku asanakwane. Ngakhale ku Britain, maopaleshoni oyamba otere a spina bifida adachitika mu 2018, mumzinda wa London. Chonsecho njira yopewera ambiri mwa mavutowa ndi yotsika mtengo kwambiri. Mu 1991 kafukufuku wa bungwe la Medical Research Council la ku Britain adaonetsa kuti vitamini yotchedwa folic acid idachepetsa ndi magawo pafupifupi 7 mwa 10 chiopsezo chakuti mayi amene adaberekapo mwana wa vuto lotere aberekenso wina. Vitaminiyi imapezeka m'masamba obiriwira ndi nyemba, koma mlingo wodalirika ndi wa m'mapiritsi kapena wothiridwa mu ufa. Dziko la America lidalamula kuthira vitaminiyi mu ufa kuyambira mu 1998, ndipo la South Africa lidachita chimodzimodzi mu 2003 pa ufa wa chimanga ndi wa tirigu. M'mayiko onse awiri chiwerengero cha ana obadwa ndi mavutowa chidatsika.

Mfundo imeneyi ikukhudza mayiko ngati Malawi. Amayi amalandira mapiritsi a magazi okhala ndi folic acid kusikelo, koma ambiri amayamba sikelo pakati patatha miyezi itatu kapena kuposa, pamene msana wa mwana udatsekeka kapena kulephera kutsekeka kalekale, mwini wake asanazindikire n'komwe kuti waima. Mabanja ambiri amadya ufa wogayitsa okha kuchigayo, umene suthiridwa mavitamini. M'mera mpoyamba. Izi sizikutanthauza kuti madokotala a ku Philadelphia kapena ku Leuven akulakwa. Mwana amene msana wake watseguka kale sangathandizidwe ndi piritsi, ndipo mayi wake ayenera chithandizo chabwino koposa chimene chingapezeke. Koma dziko limene lichita chidwi ndi opaleshoni yozizwitsa n'kunyalanyaza piritsi lotsika mtengo likusenzetsa amayi katundu amene likadatha kuwapeputsira. Kuyamikira nsembe ya mayi n'kwabwino, koma kuchita zotheka kuti nsembeyo isafunike n'kwabwino koposa.

Tsono yankho la funso lija lili motere. Kucheka mayi wangwiro pofuna kuthandiza mwana wosabadwa n'koyenera pamene vuto la mwanayo ndi lalikulu, pamene kudikira kumuwonjezera chiwonongeko, pamene umboni woyesedwa bwino waonetsa kuti opaleshoniyo imathandiza, ndiponso pamene mayi wavomera mwaufulu atamva zonse. Chimodzi mwa izi chikasowa, luso la dokotala silikwanira kuyeretsa ntchitoyo. Mwana wosabadwa ndi wodwala woyenera chifundo, koma amasanduka wodwala wa dokotala pokhapokha mayi wake atamupereka. Chimene mayiyo amapereka ndi mphatso, ndipo mphatso siilipiritsidwa ngati ngongole.

Mayi amene avomera opaleshoni yotere wachita chinthu chachikulu, choyenera ulemu. Mayi amene akana, ataganizira thupi lake, ana ake ena ndi chiopsezo chakuti mwana abadwe masiku asanakwane, nayenso wachita monga kholo loganiza, ndipo sayenera kulozedwa chala. Onse awiri ali ndi ntchito yofanana patsogolo pawo: kulera mwana amene adzafune madokotala, aphunzitsi ndi anansi omvetsa kwa zaka zambiri. Pamenepo funso limachoka m'chipinda cha opaleshoni n'kufika pamudzi, pomwe akuluakulu adanena kale kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Amene sadagone pabedi la opaleshoni alibe mphamvu zoweruza wapakati. Gawo lawo ndi kukonza sukulu, chipatala ndi mitima yoti idzalandire mwanayo, kaya adzabwera akuyenda yekha kaya ali panjinga.